Kasileti ka Noeleen

Lachitatu, 6 Febuluwale

Tamsin, mtsikana amene akundiphunzitsanso kuona ndi kugwira zinthu, wati ndizilemba tsiku lililonse. Wandijambulira mzere wofiira kumanzere kwa tsamba kuti ndiziyambira pamenepo. Moyo wanga wonse wa uphunzitsi ndakhala ndikujambula mizere yofiira m'makope a ana a eni, lero ndi ine.

Ndine Glenys Trewartha. Tsiku ndikulidziwa, kumene ndili ndikukudziwa. Anesi afunsa zimenezi kokwanira.

Sitiroko inandigwira Lamulungu la sabata yatha ndikuthira tiyi. Ndinathira patebulo, kenako ndinapezeka pansi. Amuna anga a Athol saona, koma anapapasa foni mpaka kuitana ambulansi. Ndege inanditengera ku Adelaide, dzulo yandibweza kuchipatala cha kuno kwathu ku Broken Hill. Magazi anaundana mbali ya kumanja ya ubongo. Mkono wamanzere ukulemera ngati wa munthu wina. Kuyankhula kokha ndikuyankhula bwinobwino, ndipo ena mwina akudandaula nazo.

Lachinayi, 7 Febuluwale

BP 158/92. Asipirini 100, piritsi lina loletsa magazi kuundana 75, la mafuta a m'magazi 80 madzulo. Madzi a phalaphala amene ankandipatsa kuopa kuti ndingatsamwe asiya, tiyi weniweni andilola.

Masana ndinadandaula kuti chakudya andimana. Mayi wa bedi loyandikana nane anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti nditembenuze mbale. Theka lina linali pomwepo, mbatata ndi nyemba zosakhudzidwa. Dokotala Haddad wati maso alibe vuto, ubongo ndi umene waiwala kuti dziko lili ndi mbali ya kumanzere.

Mayiyo ndi Noeleen, ankaphikira ometa nkhosa m'mafamu a kupitirira Wilcannia. Shuga wamudya kale zala ziwiri zakuphazi. Pakamwa pake sipatseka. Wandizindikira, akuti ndinaphunzitsa mwana wa mchemwali wake ndipo mwanayo mpaka lero amandilota. Wayamba kale kundiitana kuti aphunzitsi.

A Athol ali kunyumba yosungirako okalamba, mongoyembekezera. Amene anakonza zimenezi ndi mwana wathu Kerryn, amene wabwera kuchokera ku Mildura.

Loweruka, 9 Febuluwale

Kerryn anabwera ndi masangweji a tchizi ndi kaloti, komanso buku limene ndinkawawerengera a Athol, la mbiri ya sitima za mumtsinje wa Darling. Chifereni maso awo ndimawawerengera masana alionse tikatha kudya. Ndi buku lenileni, lachikuto cholimba, losokedwa ndi ulusi, ukalitsegula fungo lake lokha umakhuta. Linandipulumuka m'manja kawiri. Kerryn atandigwirira ndinawerenga mzere woyamba, koma pobwerera diso linakatera pakati pa mzere wachitatu. Mawu analipo, nzeru zake panalibe. Ndinanama kuti ndatopa.

Kenako ananena chimene anabwerera. A Athol amamwa wafarini, mankhwala osungunula magazi, ndipo mlingo wake umasintha akayezedwa. Kukiliniki amalemba pakhadi, ine n'kumawerenga ndi kuwapatsa. Ndikachulutsa atha kukha magazi mkati, ndikachepetsa atha kugwa ngati ine. Malo amene ali ndi a mpaka kutha kwa mwezi uno. Tamsin adzandiyesa kuwerenga khadi ndi mabotolo. Ndikalephera, a Athol akhala komweko mpaka kalekale, ine ndikasungidwa ndi Kerryn ku Mildura.

"Amayi, malamulowa sindinapange ndine."

"Bambo ako akudziwa?"

"Ayi. Akuganiza kuti akungodikira kuti mutuluke."

Ndinakwatiwa nawo ndili kamtsikana, ndipo sitinagonepo nyumba zosiyana kupatula nthawi imene anali pa shifiti kumgodi. Ndinapsa mtima kwambiri. Sangweji yanga ndinapatsa Noeleen, amene saloledwa buledi woyera.

Lolemba, 11 Febuluwale

BP 146/88. Mafizo m'mawa, ndayenda ndi chitsulo chogwirira poyenda mpaka pakhomo la wodi. Kwa Tamsin: pepala lodzaza zilembo, kudula E aliyense. Kumanja sindinasiye ndi mmodzi yemwe. Kumanzere anangoti mbwee.

Tamsin anati tiyese kachipangizo kowerengera mabuku, chifukwa zilembo zimakula, mzere n'kufupika, ndipo kamagwirika ndi dzanja limodzi. Ndinamuuza mosapsatira kuti buku ndi pepala, ulusi ndi guluu. Kanthu kofuna kutchaja ngati foni si buku, ndi kasileti. Laibulale ya tauni ino itayamba kugula zinthu zimenezi ndinalemba kalata ku nyuzipepala, ndipo anaisindikiza yonse osachotsa ndi liwu limodzi lomwe.

Noeleen anati kalatayo anaiona, inali yabwino zedi, inakoleza chitofu mosavuta. Ndiye anasolola kasileti kake pansi pa pilo n'kukagwedeza m'mwamba. Akuti muli mabuku odzaza chipinda, onse a nkhani zoopsa, mizukwa, nyumba zolira, ana a maso oyera. Ndinatembenukira kukhoma.

Lachiwiri, 12 Febuluwale

Mutu ukupweteka. Ndinayesa kusankha ndekha chakudya papepala lawo, pabwera supu ndi kasitadi basi. Ndalira pang'ono kubafa. Palibe anaona.

Lachitatu, 13 Febuluwale

Dokotala wa maso anamuona Noeleen. Shuga wafika m'maso, magazi akha kumbuyo kwa diso, zonse akuziona ngati mu utsi. Ngakhale akulitse zilembo chotani, sizikuthandiza. Anakhala chete m'mawa wonse, zimene zinandidetsa nkhawa kuposa BP yanga.

Masana anati, "Aphunzitsi, buku langa ndinasiyira panjira. Mayi ali yekha pafamu, thanki ikugogoda. Mundisiya choncho?"

Ndinavomera kumuwerengera chifukwa cha chifundo basi, ndipo ndikufuna zidziwike choncho. Tamsin anamata pa kasileti kapepala kofiira m'mphepete mwa kumanzere n'kukulitsa zilembo mpaka mawu atatu pamzere. Ndinachita manyazi ngati mwana woyamba kumene sukulu. Koma mzere wotsatira unali pafupi, diso silinasochere kwambiri. Ndinawerenga mokweza mpaka tiyi anabwera.

Nkhani yake ndi iyi. Mkazi wamasiye dzina lake Ida ali pafamu ya nkhosa m'nthawi ya chilala. Madzi otsala ndi a m'thanki yamalata ya kuseri kwa nyumba. Chinachake chimagogoda mkati mwa thankiyo, pamene palekezera madzi. Madzi akamatsika kugogodako kumatsikanso, kulowera kumpopi. Zopanda pake. Akanakhala mwana wanga wa sukulu walemba zimenezi ndikanamubwezera kuti akayambirenso.

Lachisanu, 15 Febuluwale

BP 138/84. Ndanyamula kapu ndi dzanja lamanzere, theka la madzi linafika kukamwa.

Ine buku ndimayambira tsamba lomaliza, kuyambira kale. Ndimafuna kudziwa amene afe ndisanayambe kumukonda. Ndinafunsa Noeleen kuti pa kasileti munthu amafika bwanji kumapeto, anakana kundisonyeza. Ngakhale kanambala kosonyeza pamene wafika anakachotsa dala.

"Buku la pepala limaulula, aphunzitsi. Chala chikamva kuti masamba atsala ambiri, mumadziwa kuti mayiyu safa lero. Apa mudziwa bwanji?"

Ida atatsamiritsa khutu pathanki, chala changa chinafufuza chokha kuti masamba atsala ochuluka bwanji, n'kungopeza pulasitiki wozizira. Akanatha kufa pa tsamba lotsatira. Thupi linachita tsemwe, chonsecho dzuwa likuswa mtengo panja. Noeleen anamva mantha m'mawu anga ndipo anaseka.

Lamulungu, 17 Febuluwale

Ndinatuma Kerryn kuti andipezere buku lomweli la pepala, ndione kumapeto ngati munthu. Wafufuza, kulibe. Wolemba ndi mayi wina wa ku Queensland amene osindikiza onse anamukana, ndiye anangolitulutsa yekha pa intaneti. Buku limeneli silinakhudzepo pepala chibadwire. Ndinaiganizira nkhani imeneyi nthawi yaitali ndithu.

Nthawi yowerenga itakwana Kerryn anaimbira a Athol n'kuika foni pabedi kuti azimva nawo. Ndinapepesa kuti si sitima za mumtsinje. Anamvetsera osatsokomola ngakhale kamodzi, munthu amene pa sitima zija amayamba mkonono tsamba lisanathe. Nditasiya anati, "Glen, ife mumgodi tikamva kugogoda tinkathawa, sitinkatsamiritsa khutu. Mayiyu ndi chitsiru. Pitirizani."

Zaka zonsezi ndimawasankhira mabuku anzeru, kani iwo amafuna mizukwa. Anati tiziwaimbira masana alionse nthawi yomweyi. Za kubwerera kunyumba sanafunse, inenso sindinanene.

Lolemba, 18 Febuluwale

BP 140/82. Chitsulo asintha, andipatsa ndodo. Kunja kukutentha moti mbalame zikungokhala kukamwa yasa pa udzu wa chipatala. Tamsin wachepetsa zilembo pang'ono, mawu asanu pamzere. Ndinasochera kangapo n'kubwerera. Nkhosa za Ida zasiya kumwa madzi a m'thanki, zikufa ndi ludzu pafupi ndi chomwera chodzaza. Wolembayu nkhosa amazidziwa, apo pokha ndimuyamike.

Lachitatu, 20 Febuluwale

Mayeso. Ndalephera.

Khadi linati mapiritsi 1½. Ine ndinawerenga ½. Tamsin anati ndibwereze, ndinabwereza ½ molimba mtima, mpaka anaika chala chake pa 1. Anali pomwepo, wakuda bii.

Dokotala Haddad wati andiyesanso Lachitatu likudzali, komaliza, chifukwa a kunyumba ya okalamba akufuna yankho mwezi usanathe. Kerryn wayamba kufunsa ngati ndingakonde chipinda cha kumunda kapena cha kumsewu ku Mildura.

Sindinawerenge lero. A Athol ataimba ndinauza nesi kuti anene kuti ndagona.

Lachinayi, 21 Febuluwale

BP 161/94, awonjezera piritsi lina la BP, 5 m'mawa.

Phazi la Noeleen lada. Lolemba adula mwendo m'munsi mwa bondo. Mtima wake ndi wofooka, ndipo dokotala wogonetsa anthu pa opareshoni anakhala naye nthawi yaitali kuseri kwa katani. Makatani a muno amatchinga maso okha, mawu amadutsa.

Dokotala atachoka, Noeleen anandiponyera kasileti pamiyendo.

"Ine sindikupita kufiyeta osadziwa chili m'thanki."

"Ndatopa, Noeleen. Mutu wanga unafa mbali imodzi, zonsezi tikungodzinamiza."

"Ine mwendo ukupita Lolemba, mwandimva ndikulira? Werengani, aphunzitsi. Zodzimvera chisoni muzichita nthawi ya tiyi."

Chimwalirireni mayi anga palibe munthu anandiyankhulapo choncho. Ndinawerenga.

Loweruka, 23 Febuluwale

Mafizo kulibe. Tawerenga m'mawa ndi masana, a Athol ali pafoni. Zilembo zazikuluzi zikundichedwetsa, mawu pang'ono n'kudina, mawu pang'ono n'kudina, pamene Ida akuthamangira galimoto yopanda mafuta. Nesi wina wandisonyeza pochepetsera, ndachepetsa ndekha.

Kuti kwatsala kochuluka bwanji sitikudziwa. Ndinapempha Noeleen kuti abwezeretse kanambala kaja tione ngati timaliza Lolemba lisanafike. Anati akatero ndiye kuti waononga zonse, bola kufa osadziwa. Mchemwali wake anabweretsa mapayi a nyama ndi mbatata. La Noeleen anesi analanda, langa ndinadya pamaso pake mosafulumira.

Lamulungu, 24 Febuluwale

Tinayamba titangodya m'mawa. Masana chimphepo cha fumbi chinabwera kuchokera kumadzulo, mazenera anafiira kenako kunada. Magetsi anazima, n'kuyaka a jenereta, ofooka aja. Buku la pepala sindikanaliona, koma kasileti kankawala kokha. Ndikuvomereza zimenezi, koma pano pokha.

Ndinachepetsanso zilembo, kenako ndinachepetsanso, chifukwa nthawi yodinadina ndinalibe. Kugogoda kunali kutafika pampopi penipeni. Za kapepala kofiira sindinkaganizanso. Mzere ukatha, diso linkalumphira lokha kumanzere, mantha akulikoka kuti likaone chotsatira. Mawu anasasa, Noeleen ankandipatsira madzi. Nditadzutsa mutu ndinapeza anesi awiri ataima pakhomo, ndipo mayi wa bedi la pakona, amene sanayankhulepo chibwerereni, anali atakhala tsonga. A Athol anakana kupita kukadya, tinawamva pafoni akubweza wowaitana.

Thanki inauma, kugogoda kunasiya. Ida anakwera pamwamba, anatsegula chivundikiro n'kusuzumira, munalibe kanthu. Anapumira m'mwamba, ifenso tinapuma. Ine ndimaganiza kuti kwatsala mitu ingapo. Analowa m'nyumba, anakhala pampando, n'kumva kugogoda pansi pa nthiti zake. Miyezi yonseyi anakhala akumwa chinthucho m'madziwo, kapu imodzi imodzi. Ndinadina kuti ndipitirize, tsamba lina panalibe.

Ndinayang'ana kapu imene inali m'dzanja langa lamanzere n'kuiika pansi mwaulemu. Noeleen anatukwana mawu amene sindilemba, n'kunena kuti tsopano mwendowo adule.

Ndisanazimitse ndinayang'anitsitsa tsambalo. Zilembo zinali zazing'ono ngati za m'nyuzipepala, mizere yodzaza kuchoka mphepete iyi mpaka iyo. Kapepala kofiira ndinakapeza pabulangete, sindikudziwa kuti kanamatuka nthawi yanji. Ndanyada, ndipo sindikubisa.

Lolemba, 25 Febuluwale

Anamutenga m'mawa. Anandisiyira kasileti kuti nditchaje, akuti chingwe chili m'thumba la zovala zake zamkati, ndisachite manyazi. Tsiku lonse mtima unali m'mwamba. Mafizo ndinachita mosaganiza.

Wabwera madzulo, wotuwa, akusanza, wamoyo. Nesi atamupatsa madzi oti anyowetse milomo, Noeleen anafunsa kuti atunga kuti.

Lachitatu, 27 Febuluwale

BP 134/80.

Mayeso. Analipo Tamsin, Dokotala Haddad ndi Kerryn. Khadi la wafarini, mabotolo a mankhwala, ndi kapepala ka kukiliniki kolembedwa pamanja. Ndinapempha kuti mzere wofiira asaike. Ndinawerenga chilichonse kuyambira kumanzere kwenikweni: mapiritsi 1½ tsiku lililonse, koma Lolemba ndi Lachinayi 2, dzina lonse la a Athol ndi tsiku lawo lobadwa. Mapiritsi a sabata yonse ndinaika m'kabokosi kake osaphonya. Tamsin anatulutsa khadi lina lovuta dala, la manambala aatali. Ndinawerenganso, modekha, ngati mmene ndinkaitanira mayina a ana tsiku lotsekera sukulu.

Ndakhoza. Dokotala wati nesi azibwera kunyumba kawiri pasabata poyamba, ndipo galimoto ndisayendetsenso. Ndavomera. Kerryn anaima pakhomo n'kumalira mwakachetechete, akuganiza kuti sindimuona poti khomolo lili kumanzere.

Tamsin anafunsa ngati ndilembenso ku nyuzipepala kubweza mawu. Ayi. Zimene ndinalemba za fungo la pepala ndi zoona mpaka lero, ndipo mabuku anga sindichotsa ndi limodzi lomwe m'nyumba. Koma ndatuma Kerryn kuti andigulire kasileti kangakanga, ndipo Noeleen wanditchulira oyambira. Wati la nyumba ya m'mbali mwa njanji ndisawerenge ndili ndekha. Ndamulonjeza kuti ndizibwera kudzamuwerengera mpaka atatuluka. Anati ndizibwera ndi payi, ndibise m'chikwama.

Lachinayi, 28 Febuluwale

BP 132/78. Mankhwala opita nawo kunyumba andipatsa, ndawerenga ndekha botolo lililonse pamaso pa nesi. Ndituluka mawa m'mawa.

Ndinaimba kunyumba ya okalamba kuti awalongedzere a Athol. Mayi woyang'anira anati palibe cholongedza. Chibwerereni sanalole munthu kukhuthula sutikesi yawo. M'mawa amatulutsamo malaya amodzi, zochapa zikabwera amabwezeramo, n'kuiimika pafupi ndi chitseko. Antchito atayesa kuika zovalazo m'kabati, iwo anazitulutsa chopapasa.

Anawapatsa foni. Ndinawauza kuti mawa tikupita kwathu, ndiponso kuti panali nkhani ina imene ine ndi Kerryn tinawabisira.

"Ndinaidziwa, Glen. Anafa ndi maso, makutu ayi. Kerryn anakambirana ndi woyang'anira pakhonde tsiku loyamba lomwe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani? Ndinkangomvetsera mmene mukuwerengera. Poyamba munkadumpha mizere, za thankiyo theka sindinkazimva. Lamulungu lija simunadumphe ndi umodzi womwe. Mutangomaliza ndinapempha a kuno kuti andipukutire nsapato."

Kerryn ayamba wakawatenga iwo, kenako adzanditenga ine. Ndamuuza kuti kutsogolo aike sutikesi, ife tikhala kumbuyo.